Mtsuko wa Tepi ndi Nsupa Yonunkha Oyilo

Ana anga, mtsuko uja uli kuseri kwa chitseko kuchipinda kwa amayi anu, uja munkaletsedwa kuukhudza muli aang'ono, si wa madzi ndipo sunalawepo madzi chiubadwire. Mwakhala mukundifunsa kuti bwanji munthu wogwira ntchito ya magetsi moyo wake wonse amasunga tepi mumtsuko ngati thobwa, ine n'kumangoseka. Tsopano poti ndinapuma pantchito ndipo maondo akukana makwerero, ndati ndilembe kuti mudziwe: mtsuko umenewo unatsala pang'ono kundilanda amayi anu ndisanawakwatire n'komwe. Koma powerenga musadikire kuti pena pake ndipepesa. Ambiri amene ankafuna kumva kupepesa kwanga anatsogola kale, ndipo anapita osakumva.

Chaka chomwe ndinachoka kusukulu

Za ubwana wanga ku Chowe ndizidumpha, mukafunse azakhali anu, ndiwo amadziwa kuzithira mchere. Ndiyambire pa boma, pa Mangochi, pomwe ndinalowa ntchito ndevu zisanamere, nditangochoka ku sekondale. Aphunzitsi ananditsanzika ndi chimwemwe chimene sindinachionepo pankhope zawo zaka zonse ndinali nawo. Ntchito ndinaipeza pa wekishopu ya bungwe lina limene linkasamala majenereta ndi mawaya m'zipatala zing'onozing'ono za m'mbali mwa nyanja. Kapitawo wathu anali a Kachingwe, bambo wamfupi wa mawu aakulu, wodziwa ntchito kotero kuti ankatha kumva kudwala kwa injini asanalowe pageti. Zambiri zimene ndadyera moyo wanga wonse ndinaziphunzira kwa iwo, ndipo phunziro loyamba linali la tepi yakuda ija timakulunga polumikiza mawaya. Tsiku lina tinapita kukagwira ntchito, ine n'kuiwala tepi kutsogolo kwa lole, pagalasi, dzuwa la Mangochi lili phwee. Pobwera masana ulimbo wake unali utasungunuka n'kutuluka m'mbali, mpukutu wonse utatsetsereka n'kusongoka ngati chipewa. A Kachingwe anainyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Iwe Twaibu, ichi n'chiyani?"

"Tepi, bwana."

"Inali tepi m'mawa. Panopa ndi phula. Mawa ikauma idzakhala chingwe chomangira nkhuku. Ukakulunga waya ndi imeneyi, sabata isanathe yamasuka yokha, waya ali maliseche, mwana wa eni wagwira. Wokayankha mlandu ndiwe kapena ine?"

"Ndinu, bwana. Ndinu akulu."

Anandiponyera tepiyo kumutu. Kenako anandiuza mawu amene ndawabwereza kwa aliyense amene ndinamuphunzitsa ntchito: "Tepi ili ndi adani atatu. Dzuwa, chinyontho, ndi m'bale wako. Awiri oyambawo ndi osavuta."

Ndikanakhalitsa pa boma pakadapanda zitumbuwa. M'mawa uliwonse ndinkagula ziwiri n'kuika m'chikwama changa cha zipangizo, koma nthawi ya tiyi ikakwana ndinkapeza chimodzi. Ndinafunsa anzanga, onse analumbira. Ndiye ndinatenga kondensa, kachitini kakang'ono kaja ka m'nyali zazitali za chubu, kamene kamasunga moto ngakhale wakachotsa kumagetsi. Sikapha munthu, kamangoluma ngati mavu ukakhudza timawaya take. Ndinakadzaza moto, n'kukagoneka bwinobwino pakati pa zitumbuwa. Kukuwa kumene kunamveka m'mawa umenewo ndikhulupirira kunafika pa mlatho. Tinathamangira m'kati, n'kupeza a Kachingwe akuvina okha, dzanja lili kukhwapa, chitumbuwa chili pansi. Palibe anafunsa kuti dzanja la akapitawo linkafuna chiyani m'chikwama cha mwana. Mwezi usanathe ndinauzidwa kuti chipatala china cha kufupi ndi Makanjira chikufunika mnyamata wanzeru kwambiri, ndipo a Kachingwe sanaone wina wondiposa.

Chilimwe choyamba ku Makanjira

Masiku amenewo katundu wochokera kunja ankavuta, m'masitolo munali mashelefu okha. Pondikweza lole a Kachingwe anandipatsa katoni imodzi ya tepi n'kunena kuti, "Iyi ikufikitse chilimwe cha chaka chamawa. Ikatha usandilembere kalata, ukakulunge ndi malaya ako." Msewu wa ku Makanjira sindiufotokoza, amene anauyenda nthawi imeneyo ali ndi zipsera m'matako. Chipatalacho ndinachipeza chili ndi jenereta imodzi yokalamba, yopopa madzi ndi kuyatsa magetsi kuchipinda cha amayi oyembekezera. Mawaya onse anadutsa m'siling'i, ndipo m'siling'imo munali boma la makoswe. Ankatafuna mawaya ngati mzimbe. Sabata iliyonse ndinkakwera, kudula, kulumikiza, kukulunga. Popanda tepi ntchito imeneyo sikanatheka, ndipo waya wamaliseche pamwamba pa nsungwi zouma, pansi pali mayi akubereka, ndi nkhani imene ngakhale ine sindinkaiseka. Mkulu wa chipatalacho anali a Gondwe, dokotala wofatsa wa kumpoto, amene ankayankhula pang'onopang'ono ngati mawu akugula.

Malo osungira katundu amene anandipatsa anali kanyumba ka malata, pafupi ndi jenereta. Masana ukalowamo unkamva ngati wakhala m'chiwaya. Sabata zochepa chabe, tepi za pamwamba pa katoni zinayamba kulira misozi yakuda, fumbi n'kumamatira m'mbali, ndipo fungo la dizilo linkaulowa ulimbowo n'kuufewetseratu. Ndinataya zingapo mtima ukuwawa. Ndinayesa kuika katoniyo pansi pa bedi langa, koma nyumba yanganso inali ya malata. Tsiku lina ndinapempha madzi akumwa kuchitando, komwe ankagona amayi odikirira odwala, ndipo madzi amene anandipatsa anali ozizira mpaka mano. Ankachokera mumtsuko wokwiriridwa theka mumchenga, pansi pa denga la udzu. Ndinaima pomwepo chikho chili m'manja ngati ndaona mzukwa. Mawa lake ndinagula mtsuko watsopano wa kukamwa kwakukulu, n'kudzimangira kachisakasa ka udzu pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi jenereta.

Mverani bwino apa, chifukwa ndi pokhapa pamene bambo wanu akukupatsani chuma. Tepi sindinaiike mumtsuko yokha ayi, dothi limatuluka thukuta ndipo chinyontho chimavunditsa kabangiri ka katoni kaja kali pakati. Ndinapeza zitini za mkaka wa ufa zotsekeka bwino. Tepi iliyonse ndinaisiya m'pepala lake la pulasitiki, n'kuzigoneka chafufumimba, ina pamwamba pa inzake, osazipanikiza. M'chitini chilichonse ndinaponyamo kachidutswa ka khala louma kokulunga m'kansalu, kuti kazimwa chinyontho. Zitinizo ndi zimene zinalowa mumtsuko, mtsuko n'kukwiriridwa mumchenga mpaka m'khosi, pamwamba mbale yadothi. Potenga ndinkatenga imodzi basi, ndipo ndikamaliza ntchito ndinkapinda kansonga kake n'kuibwezera, osayenda nayo m'thumba la buluku tsiku lonse ikuphikidwa ndi ntchafu. Chilimwe chinafika pachimake, mbuzi zikubisala pansi pa ngolo, koma tepi yanga ikatuluka inkamatuka ndi kaphokoso kaja ka tepi yamoyo, n'kumatambasuka osaduka. Dzuwa ndi chinyontho ndinali nditazigonjetsa.

Anatsala m'bale wanga. Ku Makanjira aliyense anali ndi chinthu chothyoka. Msodzi akufuna kachidutswa ka waya wa injini ya boti, wina nyali yake yokopera usipa yang'aluka, wina tochi, wina chigubu chikudontha, wina chogwirira cha njinga. Aphunzitsi ena anabwera ndi magalasi a m'maso othyoka mwendo. Onse ankayamba mofanana: "Achimwene, pang'ono pokha, kotalika ngati chala." Kumudzi kumana ndi mlandu woposa kuba. Ukakana, mawa ukapita kunyanja kukagula nsomba upeza zonse zagulidwa kale, chonsecho zili pamaso pako. Ndinkapereka, ndipo amene ndinkawakaniza ankadikira ndikwere m'siling'i n'kukadzithandiza okha, poti kachisakasa ka udzu sikakhala ndi loko. Ndinakadandaula kwa a Gondwe, iwo anangonena kuti, "Anthuwa ndi abale athu." Madzulo ake ndinawaona akutuluka m'kachisakasamo, wailesi yawo ili kukhwapa.

Mwezi womwe ndinakhala mfiti

Ndinatola chikho chakale cha mphonda kudzala. Ndinachipaka oyilo wakuda wotsala mu jenereta mpaka chinang'anima, m'khosi mwake ndinamangamo mikanda yofiira, nthenga za nkhuku ya a Gondwe ndi mafyuzi awiri opsa. Chinatuluka nsupa yoti ngakhale ine mwini wake poiyang'ana tsitsi linkandinyerenyetsa. Ndinaipachika pamwamba penipeni pa mtsuko. Kenako ndinatulutsa mnzanga wakale uja, kondensa, n'kumugoneka pansi pa mbale yovundikira, timawaya take tili chire pomwe dzanja lingafikire. M'mawa uliwonse ndisanazimitse jenereta ndinkamudyetsa moto.

Amene anagwa m'mbuna anali Che Kasimu, mlonda wa chipatala, mkulu wamtali wokonda nkhani kuposa tulo. Ndinali m'siling'i pamene ndinamva "Mayi wanga ine!" kenako mapazi akuthamanga mpaka kumsika. Sindinatsike msanga, ndinagona pamtanda n'kuluma malaya kuti kuseka kusamveke kwa odwala. Pofika nthawi ya swala, pemphero la masana la kumzikiti, dera lonse linali litadziwa kuti mnyamata wa magetsi akuweta chinthu mumtsuko, ndipo chaluma Che Kasimu popanda kusiya bala. Pofika Lachisanu chinthucho chinali ndi maso ofiira. Sabata yotsatira chinali chitayankhula, ndipo chinayankhula Chiyao chomveka bwino. Masiku oyambawo ine sindinanamize munthu ndi pakamwa panga, ndikufuna mudziwe zimenezo. Akandifunsa ndinkangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Zina sitinena." Kuchokera tsiku limenelo palibe anapemphanso tepi. Ana ankalambalala mtengo wa mango uja ngakhale mango atapsa, moti chaka chimenecho ndinadya ndekha mpaka m'mimba munandipotokola. Kunyanja asodzi ankandisankhira chambo chonona ndisanatsegule pakamwa. Wina anabwera mwakachetechete kudzapempha kuti ndimukhwimitsire ukonde wake, ine n'kumuuza kuti chinthu changa chimadana ndi anthu osasoka maukonde awo. Anakasoka, anapha nsomba zambiri, mbiri yanga n'kukulirakulira. Ndinali mnyamata wosakwana zaka makumi awiri ndipo madoda a imvi ankandipatukira panjira. Ndikanama ndikati sizinkandikoma.

Munthu mmodzi yekha sanaope. Panali mtsikana wina, Patuma, amene ankagulitsa mandazi pageti la chipatala. Inde, amayi anu. Tsiku lina anabwera ndi beseni lake mpaka pakhomo pa kachisakasa, pomwe amuna ankaopa kupondapo, n'kuyang'anitsitsa nsupa ija, n'kununkhiza.

"A Twaibu, mizimu yanuyi imamwa oyilo wa jenereta?"

"Chokanipo apo, chemwali, mungaone zakuda."

"Zakuda ndaziona kale, zikudontha pansi apo. Nthengazo ndi za tambala wa a dokotala, ndikumudziwa, akuyenda wopanda mchira."

Ndinamugula mandazi onse a m'beseni kuti atseke pakamwa. Mawa lake anabweranso, ndinagulanso. Pomwe mvula yoyamba inkagwa ndinali nditanenepa, ndipo ndinali nditatumiza uthenga ku Chowe kuti amalume anga abwere adzandipemphere mbeta.

Dzinja la chaka chomwecho

Amalume anafika pa lole yomaliza msewu usanatsekeke, atavala jekete lobwereka. Anakaonana ndi mwini mbumba wa kwawo kwa Patuma, amjomba ake, ndiye kuti amalume ake, Che Bwanali, mkulu wochita malonda a usipa wouma, amenenso ankaitanira anthu ku swala pamzikiti wa m'mudzimo. Anabwerako nkhope itagwa.

"Iwe, wachita chiyani kuno? Akuti mwana wa mlongo wawo sangalowe m'nyumba ya nsupa. Akuti ndi shiriki, kupembedza zinthu pambali pa Mulungu. Ine ndachita manyazi, ndafunsa kuti nsupa yanji, anthu onse pakhonde andiyang'ana ngati ndine ndinakupatsa."

Ndinathamangira kwa Patuma kuti akawauze amjomba ake zoona zake. Anapitiriza kukanda ufa osandiyang'ana. "Munayamba nokha, mumaliza nokha. Ine ndikanena adzati mwandidyetsa mankhwala. Komanso mudziwe, kuli mwana wa mwini boti wina amene wafunsira kale, alibe nsupa, ali ndi injini ziwiri." Ndinapita ndekha kwa Che Bwanali, ndinagwada patali, n'kupempha kuti abwere okha kuchipatala ndidzawaonetse zomwe zili mumtsuko, iwo okha basi. Anasisita ndevu n'kundiyankha.

"Mwana iwe, dzina lako linada pagulu. Ukufuna uliyeretsere kuseri? Ine ndikakhulupirira, nanga mudzi? Mdzukulu wanga azidzatchedwa mwana wa mfiti chifukwa ine ndinaonera ndekha? Ubwere nacho pano, pabwalo pa mlongo wanga, mawa dzuwa lili pamutu. Uchitsegule aliyense akuona. Ukapanda kubwera, usadzaponde pano."

Ana anga, pantchito yanga yonse ndasankhapo zinthu zovuta, koma palibe chinandizunguza ngati ichi. Inu mukuona ngati n'chapafupi poti mukudziwa kuti munabadwa. Ine ndinkadziwa kuti msewu watsekeka, mitsinje yadzaza, katoni ina sibwera mpaka chilimwe, ndipo dzinja ndi nthawi imene makoswe onse amathawira m'siling'i. Ndikatsegula mtsuko pagulu, mantha atha tsiku lomwelo, ndipo anthu amene ndinawapusitsa adzabwera kudzatenga tepi ndi mkwiyo, ngati chipepeso. Ikatha, ndidzakulunga ndi chiyani pamwamba pa amayi obereka? Ndikapanda kutsegula, tepi ikhala, ulemu wanga wa ufiti ukhala, Patuma akwera boti la injini ziwiri. Ndinakhala pansi pa mango uja masana onse. A Gondwe anadutsa, ndinawafotokozera zonse, kuyambira oyilo mpaka mchira wa tambala wawo. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Tepi imabwera pa lole. Mkazi ngati uja sabwera pa lole." N'kuwonjezera kuti, "Tambalayo ndinkadabwa."

Mawa lake ndinafukula mtsuko, ndinadyetsa kondensa moto komaliza, n'kusenza mtsukowo pamutu, nsupa ikulendewera pachifuwa. Ndikanatha kudzera njira ya kuseri. Ndinadzera pakati pa msika. Poti ufiti wanga unali kutha tsiku limenelo, ndinati ndiudyerere. Amayi anasiya tomato n'kuthawira kuseri kwa magolosale, telala analumpha makina ake, wina anakwera njinga chammbuyo. Kenako onse ananditsatira chapatali, chifukwa mantha ndi chidwi zimayendera limodzi. Pabwalo ndinapeza Che Bwanali ali pampando, amalume anga pa kampando kafupi pambali pawo, a Gondwe ataima ndi ambulera, Che Kasimu ali kumbuyo kwa anthu onse. Amayi ake a Patuma, Abiti Saidi, agogo anu, anali kuseri kwa mpanda wa bango, poti munthu wofuna kukhala mkamwini saonana maso ndi apongozi.

Ndinatula mtsuko. Ndinachotsa nsupa n'kuipereka kwa Che Bwanali. Sanailandire.

"Inunkhizeni chabe, amjomba."

"Sindine mjomba wako. Tsegula."

Ndinavundukula mbale, n'kutenga sikuludiraiva, n'kugunditsa timawaya tiwiri ta kondensa. Kanalira kuti thwa! kamoto kabuluu n'kuthetheka. Amalume anga anagwa chagada ndi kampando komwe, jekete la eni n'kulowa m'matope, theka la anthu linali litafika kale kumsewu. Che Bwanali okha sanasunthe, ngakhale ndinaona chala chawo chakuphazi chikukumba pansi. Ndinanyamula kondensa m'manja n'kuwafotokozera kuti ndi kachitsulo ka m'nyali, kakaluma kamodzi kamatha mphamvu. Kenako ndinatulutsa zitini, kutsegula, n'kuyala tepi pamphasa, zakuda bii, zonyezimira ngati zachokera m'sitolo m'mawa womwewo. Ndinamatula imodzi kuti amve kulira kwake. Amene anayamba kuyankhula anali Che Kasimu.

"Walahi, ndiye chinandiluma n'chimenecho? Ine ndinapereka nkhuku kwa sing'anga kuti andichotse ululu!"

"Nanga dzanja lanu linkatani mumtsuko, Che Kasimu?" anafunsa a Gondwe mofatsa, ngati iwo sanalowemo.

Bwalo lonse linaphulika. Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa, msodzi wa ukonde uja akulumbira kuti iye ankadziwa kuyambira kale. Che Bwanali anayesetsa kuumitsa nkhope koma ndevu zinkagwedera. Anati, "Uyu si mfiti. Ndi chitsiru chabe. Chitsiru chogwira ntchito tikhoza kuchilandira." Mtima wanga unakhala pansi. Koma usanakhazikike, ndinaona zimene ndinkaopa: anthu ayamba kuyandikira mphasa, maso ali pa tepi, aliyense wakumbukira chothyoka chake. Ndipo woyamba kutambasula dzanja anali Che Bwanali eni ake. "Poti tsopano ndiwe mwana wathu, wailesi yanga ili ndi kawaya..."

Pamenepo kuseri kwa mpanda kunamveka kutsokomola. Patuma anapitako, anamvetsera, n'kubwera kudzagwada pakati pa bwalo.

"Amayi akuti, zinthuzi si za mkamwini, ndi za chipinda chomwe anabadwira mwana wa mchemwali wanga mwezi wathawu, magetsi akuyaka. Akuti mtsukowu ulowe kuchipinda kwawo, n'kozizira, denga ndi la udzu. Akuti wofuna tepi akalowe akatenge yekha."

Manja onse anabwerera m'matumba. Ndani mwamuna angalowe kuchipinda chogona cha Abiti Saidi? Che Bwanali, mlongo wawo weniweni, sakanaponda ngakhale pakhomo pake, mwambo sulola. A Gondwe anavomera msangamsanga kuti katundu wa chipatala wapeza malo abwino. Ndinatsala pang'ono kuvina, mpaka ndinazindikira kuti pa amuna onse a m'dera limenelo, woletsedwa kwambiri kulowa m'chipindamo ndinali ine.

Kuyambira pamenepo mpaka lero

Tinakwatirana dzinja lomwelo, ine n'kukakhala chikamwini pamudzi pawo. Ndikafuna tepi ndinkauza amayi anu, iwo n'kukauza agogo anu, agogo anu n'kubweza funso: yakale yatha? Sankatulutsa yatsopano ndisanapereke kabangiri ka katoni kopanda kanthu. Tsiku lina kanandigwera m'siling'i, ndinakwawa pakati pa ndowe za makoswe mpaka ndinakapeza, chifukwa ndinkadziwa kuti kulira sikuthandiza. Khala la m'zitini ankalisintha okha osauzidwa, ndipo mtsuko ankausuntha malinga ndi komwe dzuwa likuwomba khoma. Dzinja lonse magetsi kuchipinda cha amayi sanazime chifukwa cha waya, ndipo palibe analumidwa ndi moto kupatula Che Kasimu, amene anamwalira patapita zaka zambiri asanandikhululukire nkhuku ija. Wailesi ya Che Bwanali inamangidwa ndi ulusi wa ukonde mpaka inafa.

Lole yoyamba ya chilimwe inabwera ndi a Kachingwe, kudzayendera ntchito. Anabwera okonzeka kundipeza ndikukulunga mawaya ndi malaya. Ndinatuma amayi anu, n'kubwera ndi chitini chimodzi chosatsegula. A Kachingwe anamatula tepi, anaikoka, anainunkhiza, anaimata pachikhadabo n'kuimatulanso.

"Waisunga kuti imeneyi?"

"Kwa apongozi, bwana."

Anandiyang'ana kuti aone ngati ndayambanso zija. Kenako anati, "Ndinakuuza kuti mdani wachitatu ndi wovuta. Sindinadziwe kuti mankhwala ake ndi apongozi." Ataona chikwama changa cha zipangizo chili pakhonde, anachizungulira patali.

Pambuyo pake ndinagwira ntchito ku Chiponde, ndinabwereranso pa boma, ndinakhala kapitawo pampando womwe uja wa a Kachingwe, ndipo kulikonse anyamata anga ankadziwika ndi zitini za mkaka ndi makala m'thumba. Masiku ano tepi ili m'golosale iliyonse, anthu amaisiya padzuwa, ikauma n'kugula ina. Zawo zimenezo. Agogo anu pomwalira mtsuko sanasiyire ine, anasiyira mwana wawo, pamodzi ndi lamulo lake. Sabata yathayi chingwe cha ketulo chinasupuka, ine munthu wa satifiketi, wopuma ndi ulemu, amene madoda ankamupatukira panjira, ndinaima pakhomo pa chipinda changa chomwe n'kupempha tepi pang'ono, yotalika ngati chala. Amayi anu sanadzutse n'komwe mutu pa mpunga umene ankasankha. Anangotambasula dzanja n'kunena kuti, "Kabangiri."